Amitriptyline sagwira tsiku limodzi

Mayi athu a ku Balaka, kalata yanu taiwerenga. Mukuti amitriptyline wakuchipatala uja mwamwa sabata yathunthu koma kukhumudwa kudakalipo, chabwera ndi tulo basi ndi kuuma m'kamwa. Pepani mayi, musafooke. Mankhwalawa amachedwa. Pamapita masabata 2 mpaka 4, ena mpaka 6, munthu asanayambe kupepukidwa. Tuloto n'chifukwa chake amati muzimwa pogona. Mowa ayi ndithu. Mukadzapeza bwino mudzapitirizebe miyezi 6 kapena kuposerapo, osasiya mwadzidzidzi dokotala asananene. Onena zoti mwalodzedwawo asiyeni, awa ndi matenda. Koma maganizo odzipha akabwera, musadikire masabatawo. Mankhwalawo apatseni achibale asunge, akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.