Cheza cha makala chizilunjika pa poto

Mukakhala pafupi ndi mbaula mumamva kutentha m'miyendo ngakhale palibe lawi. Chimene chimakufikanicho ndi cheza chosaoneka ndi maso, chomwe asayansi amachitcha infrared. William Herschel ndiye anachitulukira mu 1800, atamwaza kuwala kwa dzuwa ndi galasi n'kupeza kuti kuseri kwa mtundu wofiira, komwe sikuoneka kanthu, kukutenthabe. Makala akafiira, kutentha kwake kochuluka kumatuluka m'njira imeneyi. Ndiye cheza chikathera pa miyendo yanu, dziwani kuti makala amene munagula akupsa osaphika kanthu.

Yambani ndi mbaula yeniyeniyo. Yachitsulo chokhachokha imataya kutentha m'mbali monse. Yomata dongo m'kati ndiyo yabwino, chifukwa dongolo limasunga kutentha n'kukubwezera pa makala ndi pa poto. Likang'aluka limateni msanga. Amene mumaphikira nkhuni, Chitetezo Mbaula yadongo ija imachita chimodzimodzi ndipo imaposa mafuwa kutali.

Poto akhale pafupi ndi makala, mpata ungotsala woti mpweya uzidutsa. Akhalenso wotambalala pansi mokwanira kuphimba kukamwa kwa mbaula. Kapoto ka tiyi pa mbaula yaikulu n'kuwononga chabe.

Pali china chimene amayi ambiri sadzagwirizana nane. Kukwecha kunsi kwa poto ndi mchenga mpaka kunyezimira kumakudyerani makala, pakuti chitsulo chowala chimabweza cheza pomwe chakuda chimachiyamwa. M'kati ndi m'mbali tsukani mmene mukufunira, koma kunsiko kusiyeni kodera. Muzingopala mwaye ukachindikala, chifukwa ukachuluka nawonso umatchinga kutentha.

Phulusa likakuta makala gwedezani mbaula pang'ono kuti afiirenso, ndipo timabowo tapansi tizikhala totseguka. Makala osowa mpweya sapsa mokwanira, m'malo mwake amachulutsa mpweya wapoizoni wa carbon monoxide. Vundikirani poto nthawi zonse, nyemba muzinyike usiku, ndipo zikayamba kuwira tsekaniko kachitseko ka mbaula. Mukamaliza kuphika, makala otsala aikeni m'chitini chachitsulo n'kutseka bwino. Azima okha ndipo mawa muyatsiranso omwewo.

Mu June kukazizira, chonde musalowetse mbaula m'chipinda chogona n'kutseka mawindo kuti muwothe. Mpweya wapoizoni uja ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umapha anthu ali m'tulo.