Wotchi ya M'kati mwa Makina

Anzanga, m'phunziro lino ndikufuna tione momwe kompyuta imamvanirana ndi chipangizo china pa nkhani ya nthawi. Ndatenga chitsanzo cha kachipangizo kotchedwa UART, kamene kamatumiza uthenga pa waya kachidutswa kamodzikamodzi. Tizidutswa timeneti, 0 kapena 1, timatchedwa ma bit. Pulogalamu imene imalamulira kachipangizoka ndi driver, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kukauza liwiro loti kayendere.

Amayi awiri akamasinja mu mtondo umodzi, misi siwombana chifukwa aliyense amamva kugunda kwa mnzake. Pa UART sizili choncho, popeza palibe waya wa wotchi pakati pa wotumiza ndi wolandira. Wolandira amangoona bit yoyamba yochenjeza, kenaka amawerenga yekha nthawi ndi wotchi yake, n'kumasuzumira pakatikati pa bit iliyonse. Kawirikawiri chilembo chimodzi chimatenga ma bit 10: yochenjeza, 8 za uthenga, ndi yotsekera. Mawotchi awiriwa akasiyana, kusiyanako kumaunjikana bit ndi bit. Kukafika pafupifupi 5 peresenti, wolandira pofika kumapeto kwa chilembo amakhala akusuzumira m'bit ya eni, ndipo pagalasi pamangotuluka zilembo zopanda mutu.

Kompyuta ya IBM PC ya mu 1981 inali ndi UART yotchedwa 8250, ndipo wotchi yake inkagunda ka 1,843,200 pa sekondi. Nambalayi ikuoneka yachilendo, koma anaisankha dala. Bit iliyonse imadya kugunda 16, kotero tikagawa ndi 16 tipeza 115,200. Tsono driver amalemba nambala yogawira m'kachipangizomo. Akalemba 12, liwiro likhala ma bit 9,600 pa sekondi; akalemba 48, likhala 2,400. Palibe chotsala.

Tiyeni tione Arduino Uno, kabolodi kophunzirirapo kamene kanatuluka mu 2010. Chip yake, ATmega328P, imagunda ka 16,000,000 pa sekondi. Apa timagawa nambalayi ndi 16, tigawenso ndi liwiro lomwe tikufuna, ndi kuchotsapo 1. Pa 9,600 yankho ndi 103.17. Koma chip imalandira nambala yathunthu yokha, choncho timalemba 103, ndipo liwiro lenileni likhala 9,615. Kusiyana kwake ndi 0.2 peresenti, kosadetsa nkhawa.

Pa 115,200 ndiye pali nkhani. Yankho ndi 7.68, tilemba 8, ndipo liwiro lenileni litsikira pa 111,111, kupereŵera ndi 3.5 peresenti. Kumbukirani kuti wolandirayo nayenso wotchi yake ili ndi kupereŵera kwake. Mwamwayi chip imeneyi ili ndi njira ina, yoti bit izidya kugunda 8 m'malo mwa 16. Tikatero timalemba 16, liwiro likhala 117,647, kupitirira ndi 2.1 peresenti. Ndiyo njira imene pulogalamu ya Arduino imatsata pa liwiro limeneli. Ine ndikaona kuti uthenga wanga ndi wochepa, ndimakhala pa 9,600. Kuthamanga kopanda chifukwa sindikuonera phindu.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira n'chakuti driver sayeza wotchi. Amangokhulupirira nambala imene mwamuuza, yomwe pa chip izi imalembedwa pa dzina loti F_CPU. ATmega328P yatsopano, yongochoka ku fakitale, imagunda ka 1,000,000 pa sekondi mpaka mutasintha. Mukauza driver kuti ndi 16,000,000, masamu onse aoneka olondola, koma 9,600 wanu adzasanduka pafupifupi 600.

Kuti mudziwe zoona, lembani kapulogalamu koyatsa kanyale sekondi imodzi ndi kukazimitsa sekondi imodzi, kenaka yang'anani wotchi ya pamkono. Kanyale kakakhala koyaka masekondi 16, siyani kusinthasintha mawaya, kakonzeni F_CPU kapena wotchi ya chip.