Seva imodzi m'malo mwa zitatu: muyambe mwawerengera

Uthengawu ndi wa oyang'anira zipatala, masukulu, ma SACCO ndi makopaletivi a ku Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma.

Seva ndi kompyuta imene imasunga kaundula wa odwala, mabuku a ndalama kapena mayina a mamembala, ndipo makompyuta ena onse mu ofesi amatapa pamenepo. Ntchito zikachuluka, ambiri amagulira ntchito iliyonse seva yakeyake. Njira yotchedwa virtualization imalola kugula seva imodzi yamphamvu n'kuigawa m'kati, ngati nyumba ya lendi: denga limodzi, koma aliyense chipinda chake ndi loko wake.

Phindu lilipo. Makina amodzi amadya magetsi ochepa kuposa atatu, choncho sola ndi mabatire ofunika amachepanso. Pulogalamu yatsopano mumayamba mwaiyesa m'chipinda chake, ikavuta n'kubwerera pomwe munali dzulo osakhudza kaundula.

Koma makina amodziwo akafa, zonse zimaima tsiku lomwelo: kulembetsa odwala, malipiro, malisiti. Apa ndiye pofunika kufatsa. Mukukumbukira mmene magetsi anavutira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Seva yozima mwadzidzidzi imatha kuwononga zomwe imalemba nthawi imeneyo. Fumbi la m'chilimwe ndi mphenzi za m'dzinja nazo sizichitira chisoni makina. Choncho powerengera mtengo muphatikizepo UPS (batire yoteteza seva kuti isazime mwadzidzidzi magetsi akathima), RAM yokwanira, ma disiki awiri osunga zofanana, ndi disiki ina yokopera zonse tsiku lililonse, yosungidwa m'nyumba ina. Kamodzikamodzi yesani kubwezeretsa zokopedwazo, muone ngati zikutsegukadi.

Musaiwale laisensi. Kampani ya Broadcom itagula VMware, kampani yopanga pulogalamu yogawira seva, mu Novembala 2023 inasiya kugulitsa laisensi yolipira kamodzi, tsopano mumalipira nthawi ndi nthawi m'ndalama zakunja. Mwezi womwewo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Pulogalamu ina yogawira seva, Proxmox, ndi yaulere, koma imafuna munthu woidziwa bwino, ndipo ngati munthuyo amakhala m'tauni ya Lilongwe, funsani kuti angafike pa maola angati mvula itagwa.

Ofesi ya pulogalamu imodzi kapena ziwiri isavutike nazo izi. Kompyuta yabwino ndi kukopera mokhulupirika n'zokwanira. Ngati muli ndi seva zitatu kapena kuposa, magetsi odalirika ndi katswiri wapafupi, yambani ndi ntchito imene ikhoza kuima tsiku lathunthu popanda wovutika. Kaundula wa odwala ndi ndalama za mamembala muzisamutse pomaliza.