Usathamangire ngongole ya tabuleti, kayezetse kaye makutu a mwana

Azakhali,

Mwana wanga wa zaka 9 wabwereza kawiri Sitandade 2. Ukamuitana sacheuka msanga, kulankhulanso kumamuvuta, koma akagwira foni yanga nkhope imachita kuwala. Ndamva kuti matabuleti amathandiza ana otere. Ndikakongole ku banki mkhonde ndimugulire? Apongozi akuti anamulodza.

Mayi wosowa tulo, Mtandire

Mwana wanga,

Apongozi akowo uwapatse moni. Ndikuwadziwa anthu otero: mwana akachedwa kulankhula ati walodzedwa, akakhoza mayeso ati watengera kuchimuna. Iwenso sindikusiya. Zaka zonsezi mwana sacheuka, iwe n'kumangomukalipira kuti ndi wamwano, lero wadzuka ndi nkhani ya ngongole?

Pukuta misozi, sunachedwe, ndipo zomwe unamvazo si bodza. Mu 2013, pasukulu ya pulayimale ya Biwi mu Lilongwe momwemu, anayesa matabuleti ophunzitsa masamu m'Chichewa, ntchito ya mabungwe a onebillion ndi VSO. Ofufuza a ku yunivesite ya Nottingham anapeza kuti ana amagwira msanga, kenako anaonanso kuti ngakhale ana aulumali amapindula. Chinsinsi chake n'chakuti tabuleti sitopa. Mwana alakwe kakhumi, iyo imabwereza osakweza mawu, anzake osamuseka. Mphunzitsi yemwe ana amuthinira m'kalasi nthawi imeneyo angaipeze kuti?

Koma tchera khutu apa. Ofufuza omwewo anaona kuti ana ovutika kumva ndi kulankhula ndiwo amatsalira, poti malangizo tabuletiyo imachita kulankhula. Ukagula lero, khutu la mwana lisakumva bwino, udzatsala ndi ngongole, amayi a banki mkhonde akukudikira pakhomo, mwana akungoonera makatuni.

Safunsa anadya phula. Kayezetse kaye makutuwo. Ku Area 47, pafupi ndi kwanu komweko, kuli chipatala cha makutu cha ABC, apo ayi pita ku Kamuzu Central. Mwina ndi mafinya ofuna mankhwala, mwina afunika kachipangizo kothandiza kumva.

Ukachoka kumeneko ukaonane ndi ahedi, chikalata cha kuchipatala chili m'manja. Kuyambira 2023 boma likuika matabuleti m'sukulu za pulayimale kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, ya ana a Sitandade 1 mpaka 4, ndipo kholo sililipira. Ufunse ngati afika pasukulupo. Ufunsenso za mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, aja ophunzira ku Montfort ku Nguludi, ndipo mwanayo azikhala kutsogolo, aziona pakamwa pa mphunzitsi.

Kunyumba uzimuyang'ana kumaso polankhula naye, osati kumukuwira uli kuseri kwa nyumba. Bambo ake nawo asabisale, ndalama ya kabaza ichoke m'thumba mwawo. Apongoziwo upite nawo limodzi kuchipatala akadzimvere okha. Lolemba lino upite, ndipo ukabwerako undilembere zomwe akuuza.

Azakhali