Kulumikiza Wotchi ya Pamkono Panyumba ku Makwasa

Kwathu ku Makwasa, m'boma la Thyolo, wotchi ya pamkono imapatsa munthu ulemu. Othyola tiyi m'maesiteti ali ndi ola lolowera m'munda komanso ola lopita ku sikelo, ndipo kuyambira kale kapitawo wovala wotchi ndiye ankanena kuti nthawi yakwana. Ngakhale lero ambiri amaona nthawi pafoni, achinyamata amasirirabe mawotchi apamwamba amene mtengo wake sitingaukwanitse. M'chimangirizo chino ndifotokoza m'mene ndimalumikizira wotchi yooneka bwino kuchokera ku zipangizo zogula padera, komanso malire amene wolumikiza sayenera kudumpha.

Poyamba tiyenera kudziwa ziwalo zisanu za wotchi: injini, kesi yosungiramo injiniyo, nkhope yolembedwa maola, mivi ndi lamba. Ine ndimagwiritsa ntchito injini ya Seiko yotchedwa NH35. Injini imeneyi silira batire. Ili ndi kachitsulo kolemera kooneka ngati theka la mwezi kamene kamazungulira mkono ukamagwedezeka, n'kumakunga sipuling'i. Imagunda ka 21,600 pa ola, kutanthauza kasanu ndi kamodzi pa sekondi, ili ndi timiyala 24 tochepetsa kuperepeseka kwa zitsulo, ndipo ikakungika mokwanira imayenda maola pafupifupi 41 ili patebulo. Ndi yosiyana ndi mawotchi a batire amene kampani yomweyo inayamba kugulitsa mu 1969.

Kachiwiri, chinsinsi chonse chagona pa miyeso. Makesi ambiri opangidwira NH35 amafuna nkhope ya mamilimita 28.5. Kumbuyo kwa nkhopeyo kuli timiyendo tolowa m'mabowo a injini, ndipo malo ake amasiyana malinga ndi pamene pali kopukusira nthawi, kaya pa 3 koloko kapena pafupi ndi 4 koloko. Mivi nayonso ili ndi mabowo ake: mamilimita 1.50 pa muvi wa maola, 0.90 pa wa mphindi ndi 0.20 pa wa masekondi. Zipangizozi zimagulidwa pa intaneti, m'misika ngati AliExpress, ndipo mtengo wake umawerengedwa m'madola. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso poganizira msonkho wa MRA, kuitanitsa chiwalo chosagwirizana ndi zinzake ndi kutaya ndalama ndi masabata ambiri odikira.

Kachitatu ndi kulumikiza kwenikweniko. Ndimayamba ndi kusesa, kutseka mawindo ndi kuyala pepala loyera patebulo, chifukwa kafumbi kamodzi kakatsekeredwa pansi pa galasi kamaoneka tsiku lililonse. Ndikamangirira nkhope pa injini, ndimapukusa nthawi pang'onopang'ono mpaka deti itasintha. Pamenepo ndiye pakati pa usiku, choncho muvi wa maola ndimauloza pa 12, kenako wa mphindi, pomaliza wa masekondi. Wodumpha sitepe imeneyi angathe kuona deti ikusintha dzuwa lili paliwombo. Mivi isakhudzane ndipo isakhudze galasi. Kamtengo kachitsulo kolumikiza kopukusira ndi injini kamabwera kotalika, ndiye kamadulidwa pang'onopang'ono uku ukuyesa, popeza chodulidwa sichibwerera. Apa m'pamene ndinamvetsa mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kachinayi, kwathu kuno mdani wamkulu ndi chinyontho. Mvula ndi nkhungu ya chiperoni zimene zimakondweretsa tiyi zimabweretsa dzimbiri m'kati mwa wotchi. N'chifukwa chake mphira wa pachitseko cha kumbuyo ndi wa pa kopukusira ndimaupaka girisi wa silikoni ndisanatseke, ndipo sinditsekula wotchi tsiku la nkhungu.

Tsopano ndifike pa malire aja. Makesi ambiri amatengera maonekedwe a mawotchi otchuka monga Rolex Submariner, imene inatuluka mu 1953. Palinso nkhope zogulitsidwa zitalembedwa kale dzina la Rolex ndi mawu akuti Swiss Made. Komatu kuyambira mu 2017 lamulo la dziko la Switzerland limafuna kuti 60 peresenti ya ndalama zopangira wotchi igwiritsidwe ntchito m'dzikomo isanalembedwe mawuwo. Kuno kwathu nakonso lamulo la 2018 la zizindikiro za malonda limateteza mayina olembetsedwa. Wogulitsa wotchi ya injini ya ku Japan ndi kesi ya ku China pa dzina la eni ake akubera mnzake amene watuluka thukuta m'munda wa tiyi mwezi wathunthu. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Pomaliza, ine ndimasankha nkhope yopanda dzina, ndipo wondifunsa ndimamuuza chimene chili m'kati. Wotchi yotere ikaonongeka, wokonza mawotchi mumsika wa Limbe angathe kusintha chiwalo chimodzi chokha. Mnyamata wa ku Makwasa wodziwa kuyeza, wodekha ndiponso wonena zoona akhoza kuvala wotchi yolumikiza yekha popanda kubwereka dzina la wina.