PHUNZIRO: MANJA AWIRI ALI NDI MALIRE

Amayi anzathu, ambiri a ife tili ndi ntchito ya manja imene imatipezetsa ndalama. Ena timaluka tsitsi, ena timasoka, ena timaphika pa maukwati. Koma tidzifunse: tikadwala sabata imodzi, kodi ntchitoyo imapitirira? Ambiri tiyankha kuti ayi. Mwini akagona geni imagonanso, ndipo ufa pakhomo umatha. M'phunziro lino tiona za mayi wina wa ku America amene adayamba ndi manja ake awiri okha, koma adaphunzira kugawira ena ntchito.

MAYI WALKER ADALI NDANI?

Dzina lawo lobadwa nalo lidali Sarah Breedlove. Adabadwa mu 1867 ku Delta, m'chigawo cha Louisiana, kwa makolo amene adali atangomasulidwa ku ukapolo. Pofika zaka 7 adali mwana wamasiye. Adakwatiwa ali ndi zaka 14, ndipo amuna awo adamwalira iwo ali ndi zaka 20, kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi. Adasamukira mumzinda wa St. Louis komwe adachapira anthu zovala kwa zaka zambiri, kumalandira pafupifupi dola imodzi ndi theka pa tsiku. Wochapa angalimbike bwanji, sangachape kupitirira pamene manja ndi msana zalekera.

Tsitsi lawo litayamba kuthothoka, adayamba kugulitsa mafuta a tsitsi a mayi wina dzina lake Annie Malone. Mu 1905 adapita ku Denver, ndipo mu 1906 adakwatiwa ndi Charles Joseph Walker. Kuyambira pamenepo adadziwika ndi dzina lakuti Madam C. J. Walker, nayamba kupanga mafuta awoawo. Ankayenda khomo ndi khomo, kutsuka amayi m'mutu ndi kuwaonetsa kadzoledwe kake.

ZIMENE ADACHITA KUTI NTCHITO IKULE

Choyamba, adaphunzitsa ena. Mu 1908 adatsegula sukulu yotchedwa Lelia College ku Pittsburgh, yophunzitsa amayi kusamala tsitsi. Ife timaopa kuphunzitsa mtsikana, poganiza kuti akadziwa adzatilanda makasitomala. Manthawa si achabe, pakuti Mayi Walker nawonso adachoka kwa Annie Malone n'kukayamba yawo. Koma iwo adakonza kuti wophunzirayo azipindula pokhalabe nawo: ankagula mafuta kwa iwo, ankagwira ntchito m'dzina lawo, ndipo ankapeza ndalama zakezake. Nafenso tigwirizane poyera ndi wotithandiza za malipiro ake ndi nthawi yophunzira, ndipo tizimulipira pa tsiku lake. Munthu wosamalidwa sathawa msanga.

Chachiwiri, adakhazikitsa njira imodzi yogwirira ntchito. Amayi awo onse ankatsata ndondomeko yofanana, ndipo ankavala bulauzi yoyera ndi siketi yakuda. Kasitomala ankadziwa chimene alandire, ngakhale Mayi Walker ali kutali. Ngati luso lathu lili m'mutu mwathu mokha, wotithandiza azilakwitsa ndipo ife tizingokalipa. Tiyeni tilembe m'kope muyeso wa mpunga wa anthu 100, kapimidwe ka diresi, mtengo wa maluko aliwonse.

Chachitatu, adasiyira ena udindo weniweni. Mu 1910 adasamukira ku Indianapolis komwe adamanga fakitale, saluni ndi sukulu ina. Nthambi ya ku Pittsburgh adaisiya m'manja mwa mwana wawo A'Lelia. Iwo sadapite patali ndi sukulu, choncho adalemba loya, Freeman B. Ransom, kuti aziyang'anira za malamulo ndi kayendetsedwe ka kampani. Mtsogoleri sachita manyazi kufuna wodziwa zimene iye sadziwa. Mutu umodzi susenza denga. Ngati masamu amativuta, tipeze munthu wokhulupirika wotilembera zolowa ndi zotuluka, ndipo tizionera limodzi kopelo sabata iliyonse.

Chachinayi, adalemekeza antchito awo. Mu 1917 adaitanitsa msonkhano ku Philadelphia, komwe kudafika amayi pafupifupi 200. Mphoto zidapita kwa ogulitsa kwambiri, komanso kwa amene adathandiza kwambiri osowa m'madera awo. Pamene Mayi Walker ankamwalira mu 1919, amayi zikwizikwi adali ataphunzira ntchitoyi, ndipo kampani idapitirira kwa zaka makumi angapo iwo kulibe.

NANGA IFE?

Sitikunena kuti tonse timange fakitale. Tikunena kuti geni imene yatsamira pa munthu mmodzi ili pangozi, pamodzi ndi fizi ya ana imene imachokera mmenemo. Mwezi uno aliyense asankhe ntchito imodzi imene amaikakamira yekha, aphunzitse munthu wina, ndipo amusiye aigwire. Akalakwitsa timuwongolere mofatsa, osamulanda. Pa msonkhano wotsatira tidzauzane mmene zayendera.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Titachokapo kwa sabata ziwiri, ndi chiyani chimene chingayambe kuima pa geni yathu?
2. Kodi tidaphunzitsapo munthu n'kutichokera? Adachoka chifukwa chiyani, ndipo mbali yathu idali yotani?
3. Ndi ntchito iti imene tiyambe kusiyira wina mwezi uno, ndipo tisiyira yani?