Cimbudzi ca Mwana Wamng'ono

M'midzi ya Mfumu Mphamba, m'boma la Lundazi, amai ambiri acita mantha akaona kuti cimbudzi ca mwana casintha mtundu, ndipo ena aganiza kuti walodzedwa. Inu amene mulera ang'ono anu muyenera kudziwa zoona zake.

Cimene cipatsa cimbudzi mtundu wake ndico ndulu yocokera m'ciwindi. Pa masiku 2 kapena 3 oyamba khanda licita cimbudzi cakuda ndi comata; pambuyo pake, likamayamwa, cikhala cacikasu. Mwana akayamba kudya cibwabwa kapena bonongwe, cikhoza kubiriwira. Mankhwala oonjezera magazi nawonso acidetsa. Zimenezi sizoopsa ai.

Koma ilipo mitundu ina yofunika cangu. Cimbudzi cotuwa ngati phulusa, makamaka maso akakhala acikasu, cisonyeza kuti ndulu siifika m'matumbo. Ca magazi cikhoza kukhala kamwazi. Cakuda ngati phula, mwana wosamwa mankhwala aja, cisonyeza kuti magazi atayika m'mimba. Camadzi ngati otsukira mpunga ndico cizindikiro ca kolera, nthenda imene inapha anthu ambiri mu Lusaka m'caka ca 2024.

Mukaona zotere, uzani amai kapena agogo msanga, kuti apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Atenge thewera lija kukaonetsa anamwino, ndipo mwana asaleke kuyamwa.

Mafunso
1. Kodi ndulu icokera kuti?
2. Chulani mitundu ya cimbudzi yofunika cipatala.